Mutu Wopanda Chipsera

Ine ndine Mailesi, ndimagulitsa tomato ndi nsomba zouma m'mbali mwa msewu pa Rufunsa, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa. Anene! Pakamwa panga sipanametepo munthu mpala kuti pamulande nyumba. Amene anachita zimenezo ndi ba Fridah, mlamu wake wa mng'ono wanga Olipa, mayi wa mapemphero amene akayamba kuyamika Mulungu ngakhale nkhuku zimatopa n'kukagona.

Olipa anakwatiwa ndi Bornwell, mlongo wawo wa ba Fridah, chaka cha njala chija, cha chimanga chachikasu, chisanafike n'komwe. Bornwell ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi pamene mabasi amaima, ndipo anamanga kanyumba ka malata kuseri kwa msika. Anali munthu wabwino, koma wokamba. Akapha khoswe, pofika madzulo khosweyo amakhala atasanduka nguluwe. Ndinkamukonda mlamu wanga, koma ndinene zoona, mlomo wakewo ndi umene unatsala pang'ono kupha mkazi wake iye ali kale m'manda.

Zaka zinapita, mwana osaoneka. Kenako Olipa anasiya kusamba kumwezi. Tinavina, tikuti yabwera. Miyezi inadutsa, mimba ili fwaa ngati thabwa. Ndiye kunabwera chodabwitsa: mkaka unayamba kudontha, kunyowetsa bulauzi, munthu wopanda khanda. Mutu unkamupweteka ngati akumukhoma msomali pakati pa maso. Ndipo maso anayamba kutsekeka m'mbali. Ankaona za kutsogolo zokha, ngati munthu wosuzumira m'paipi. Ankagunda mafelemu a zitseko, ndipo tsiku lina njinga inamugwetsera mu ngalande chifukwa sanaione ikubwera cham'mbali.

Mukuganiza kuti ba Fridah anamumvera chisoni? Iyayi. Anabwera kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi Mpanshya, nayang'ana bulauzi yonyowayo, nati, "Ng'ombe ya mkaka yopanda thole, ine ndiye ndaiona lero." Anaseka okha. Kenako anati matendawo ndi ulesi, munthu wosabereka amafuna chonamizira. Ndinawayankha zimene sindingabwereze pano, ndipo kuyambira tsiku limenelo moni wathu unali wa mphuno.

Ku chipatala cha mishoni ku Mpanshya, sisitere wina anamukhazika Olipa pa mpando, naimirira kumbuyo kwake n'kumagwedeza zala m'mbali mwa mutu. Olipa sanaone kanthu mpaka zalazo zitafika pafupi ndi mphuno. Sisitereyo sanachedwe, anati pitani ku Lusaka. Tinapita atatu: wodwala, mwamuna wake, ndi ine womudikirira, wogona pansi pa simenti.

Dokotala wa mitu kumeneko anatifotokozera bwinobwino kudzera mwa nesi. Anatenga njere ya mtedza m'kathumba kanga, naiika pachikhatho. Anati pansi pa ubongo, kuseri kwenikweni kwa mphuno, kuli kachiwalo kakang'ono ngati njere imeneyi, ndipo ndi kamene kamauza thupi la mkazi nthawi yosamba ndi nthawi yotulutsa mkaka. Pa kachiwalo ka Olipa panamera chotupa. Chotupacho chinkanamiza thupi kuti kuli mwana woyamwa, ndipo chitakula chinayamba kupsinja mitsempha ya maso. Chikasiyidwa, Olipa achita khungu.

Bornwell anafunsa, "Ndiye mumung'amba mutu?"

Dokotala anati ayi. Anakweza mlomo wake wam'mwamba ndi chala, natiwonetsa nkhama pamwamba pa mano. Anati adula pamenepo, m'kati, n'kutsata njira ya mphuno mpaka kukafika pa chotupacho. Kunja sikuoneka kanthu, ngakhale tsitsi limodzi salikhudza.

Bornwell, katswiri wa nkhani za nguluwe, anagwa pa mpando ngati thumba la makala. Tinachita kumuthira madzi.

Opaleshoni inachitika. Olipa anatuluka nkhope itatupa, mphuno atazitseka ndi thonje, akupumira pakamwa. Masiku oyamba ankamwa madzi ngati ngamila ya m'Baibulo, jagi kutha, jagi kutha, ine n'kumathamanga ndi beseni. Manesi anati zimachitika, kachiwalo kaja kakwiya chifukwa kakhudzidwa, kakhazikika. Kanakhazikikadi. Ndiye m'mawa wina ndinakhala pambali pa bedi, cha kuphewa kwake, ndikudya mwakachetechete banzi limene anamusiyira. Iye akuyang'ana kudenga anati, "Ba sisi, banzi langalo." Ndinalira ndi banzi m'kamwa. Maso anali atatseguka.

Chimene sichinabwerere ndi mlomo. Mlomo wam'mwamba ndi mano akutsogolo zinachita dzanzi, ankati zili ngati za mtengo. Dokotala anati mwina zidzadzuka, mwina ayi. Sizinadzuke. Titangofika kunyumba, Olipa anamwa tiyi wotentha, mlomo unatuluka thuza lalikulu iye osamva kanthu. Bornwell ataona thuzalo anakwiya ngati wina wamumenyera mkazi. Kuyambira tsikulo, chilichonse chotentha, kaya tiyi, kaya phala, Olipa ankayamba wapereka kapu kudzanja lake lamanja kumene Bornwell ankakhala. Iye amalawa, kuuzira, kulawanso, n'kumubwezera. Ankatero kulikonse, ngakhale pa anthu.

Koma pansi pa mtengo wa njinga paja nkhani inali ina. Ndinamumva ndi makutu anga akuuza madalaivala ndi ogulitsa makala: "Anamucheka ndi sowo kuyambira khutu ili mpaka khutu ili, n'kutsegula ngati dzungu! Ubongo anauika m'mbale pambali, ine ndikuona!"

Ndinamukokera pambali. "Mlamu, iwe unali utakomoka pa khonde. Bodza ili n'lachiyani?"

Anandiyang'ana, osaseka. "Mlamu, ndikanena kuti anangomudula pang'ono kumlomo, ba Fridah anena kuti anakachotsa dzino. Zaka zonsezi akhala akumunena kuti akunamizira. Alekeni aope."

Ndipo anaopadi. Olipa ankavala chitambala kumutu monga mkazi aliyense wapabanja, ndipo anthu ankachiyang'ana chitambalacho ngati pansi pake pali njoka. Azimayi ankamupatsa malo pa mjigo. Iye, munthu wamanyazi amene sanganene ngakhale kuti nsabwe yamuluma, sanatsutse. Akanayamba bwanji? Kuuza apongozi za m'kamwa mwake?

Apongozi akewo anali ba Philemon, bambo ake a Bornwell ndi ba Fridah, mlimi wa chimanga, wamasiye. Ine ndinkawatcha chitsa, chifukwa ankangokhala phee mwana wawo wamkazi akuwalankhulira. Mwambo ankausunga ngati mbewu. Chikwatiwire Olipa, sanamuyang'anepo kumaso, ndipo akafuna kumuuza kanthu ankauza mpanda kapena galu amene ali pafupi. Chinthu chimodzi chokha chinawatsegula pakamwa: tiyi uja. Ataona mwana wawo akulawira mkazi pamaso pa alendo, anamuitanira kuseri kwa nkhokwe, koma tonse tinamva. "Iwe, wadyetsedwa chiyani? Mwamuna kulawira mkazi ngati kapolo wa mfumu! Ukundichititsa manyazi." Bornwell anangoti, "Ndamva, atate," ndipo mawa lake analawanso.

Olipa ankabwerera ku Lusaka pakapita miyezi kuti akamuone maso ndi magazi. Poyamba ankapita ndi mwamuna wake, kenako yekha pa minibasi, poti njinga za anthu sizidikira. Mkaka unauma. Mwezi unabwerera. Ndipo m'chaka cha 1996, dzinja litatha, mimba inaoneka, yeniyeni. Bornwell anauza msewu wonse, kuyambira apolisi otchinga msewu mpaka wamisala wa pa msika. Ankati mwanayo adzakhala dokotala wa mitu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mimba itangoyamba kukankha chitenje, lole ya feteleza inataya mabuleki pa chitsikitsiko, ndipo inamupeza Bornwell akuyesa njinga ya munthu m'mbali mwa msewu. Sanalankhule ngakhale liwu limodzi, iye amene ankalankhula ndi m'tulo momwe.

Maliro tinakaika kumudzi kwa ba Philemon. Mawa lake m'mawa inali nthawi yometa, monga timachitira, kuti pambuyo pake akulu akhale pansi akambe za nyumba ndi za wamasiye. Azimayi tinasonkhana kuseri kwa nyumba. Olipa anakhala pa mphasa, mutu pansi, maso otupa. Mayi wina wachikulire amene anapatsidwa lumo anazengereza. Anati, "Mutu uwu ndi wosoka. Tingodula pang'ono patsogolo, mwambo ukwanira."

Ba Fridah analanda lumolo. "Perekani kuno. Mlamu wanga ndimumeta ndekha, pang'onopang'ono, ndi chikondi."

Chikondi cha fisi pa khola! Ine ndinadziwa pambuyo pake kuti ba Fridah anali atanunkhiza kale. Anamuonapo Olipa atasenza ndowa yodzaza madzi pamutu, ndipo anasunga zimenezo mumtima ngati munthu wosunga mpeni. Anamuvula Olipa chitambala chija. Azimayi ena anatseka maso. Ba Fridah anayamba kumeta patsogolo, napita kukhutu, nazungulira kunkhongo, akupapasa ndi chala ngati akufuna nsabwe. Tsitsi lonse linagwa. Mutu wa Olipa unatsala mbee, wosalala, wozungulira bwino ngati chikho chatsopano. Panalibe ngakhale kachipsera ka chipere.

"Mayo ine!" anakuwa ba Fridah, ndipo chimwemwe chinamveka m'kukuwako. "Bwerani muone! Atate, bwerani! Amuna nonse, bwerani muone mutu umene anaucheka ndi sowo!"

Anabwera, anthu opanda manyazi. Amuna akuluakulu a ndevu zoyera anaunjikana kuzungulira mkazi wamasiye amene mwamuna wake anali asanathe tsiku m'dothi, n'kumaunguza mutu wake ngati akugula dzungu pa msika. Wina anachita kuvala magalasi. Ba Philemon okha anaima patali, akuyang'ana nkhokwe.

Bwalo linakhala pomwepo, tsitsi lili pansi losasesa. Ba Fridah anaimirira pakati, chitenje atamanga m'chiuno, makiyi a nyumba ya Bornwell atawamangirira kale kunsonga yake.

"Zaka zonse zija ndi mlongo wanga, mwana kulibe. Wayamba maulendo a ku Lusaka yekhayekha, mimba iyo! Atiuza kuti anamung'amba mutu. Mutu ndi uwu, mwauona nokha. Ndiye ku Lusaka ankakatani? Dokotala wake ndi wa mtundu wanji, wochiritsa ndi mimba? Mlongo wanga anali munthu wofatsa mtima, anabisa manyazi ake ndi nkhani ya sowo. Koma ife sitilera mwana wa kondakitala. Mimba ipite kwa mwini wake, makiyi a nyumba atsale pano."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Omwe aja ankamupatsa malo pa mjigo ndi amene ankagwedeza mitu kwambiri. Munthu sakhululuka ukamuopsa ndi chinthu chimene kulibe.

Ndinadumpha. "Inu ba Fridah, Mulungu amene mumamusokosa usana wonse akuoneni! Ine ndinalipo. Ndinagona pa simenti, ndinataya mabeseni. Opaleshoni inachitika!"

"Mkulu wake anganene chiyani?" anatero ba Fridah, akuyang'ana anthu. "Mwina ndi amene ankalondera pakhomo."

Ndinanena za makadi a chipatala. Mwamuna wa magalasi uja anati mapepala ku Lusaka amagulitsa pamodzi ndi maswiti. Ba Fridah anatambasula manja. "Ife ndife anthu a kumudzi, sitidziwa kuwerenga. Tiwonetseni pamene mpeni unalowera, basi."

"Unalowera m'kamwa," ndinatero. "Pansi pa mlomo, n'kutsata mphuno."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, pa maliro, sindidzakuiwala. Wina anagwira m'mimba. Wa magalasi anapukuta misozi nati, "Mutu ukudwala, iwo adula pakamwa? Ndiye ine ndikathyoka mwendo adzandimanga khutu?" Anasekanso. Anthu amene sanaonepo m'kati mwa mutu wa mbuzi koma pokhapokha atauwiritsa, tsiku limenelo onse anali madokotala.

Ndinagwada pafupi ndi Olipa. "Iwe, kweza mlomo uwawonetse. Chipsera chilipo, ndinachiona."

Ananong'ona mutu uli pansi. "Ba sisi, ndionetse mano pa maliro a mwamuna wanga? Pamaso pa apongozi?"

Ndinamumvetsa, ngakhale ndinkafuna kumugwedeza. Mkazi wamasiye sadzutsa mutu, salankhula mokweza, ndipo mano ake saoneka mpaka atamasulidwa. Kuwonjezera apo, Olipa anali asanatafunepo ngakhale chimanga chokazinga apongozi akewo akuona. Ba Fridah ankadziwa zonsezi, n'chifukwa chake ankalimba mtima.

Onse anatembenukira kwa ba Philemon, poti mawu omaliza anali awo. Anakhala pa kampando kawo, ndodo pakati pa miyendo. Kenako anauza ndodoyo kuti, "Mwana wanga anandinamiza. Apongozi angawa apite kwawo mawa. Za mimbayo ine sindikuzidziwa."

Chitsa chinalankhula, ndipo chinalankhula zopusa.

Apo ndi pamene Olipa anasuntha. Sanaimirire. Anayenda ndi maondo kuchoka pa mphasa, kudutsa pa tsitsi lake lomwe, dzanja limodzi litagwira mimba, mpaka anafika pamapazi a ba Philemon. Anadzutsa mutu wake wampalawo, nagwira mlomo wam'mwamba ndi zala ziwiri, naukweza mpaka kumphuno. Mano onse ndi nkhama zinali pamtunda, misozi ikutsikira m'kamwa. Ndinamva ngati andivula ineyo.

Ba Philemon anatembenuza nkhope msangamsanga, nayang'ana kumpanda.

Mwaona nzeru za anthu awa? Mutu wa mkazi wamasiye anauunguza mudzi wonse, mwambo sunaletse. Koma pamene panali choonadi, mwambo unatulukira. Ndinakuwa, "Yang'anani, atate! Mwaweruza, ndiye yang'anani!" Sanayang'ane.

Ba Fridah ndi amene anawerama, nasuzumira. Chipsera chinalipo, kamzere koyera kopingasa pamwamba pa mano, kuchoka mbali iyi kufika mbali iyo. Ndinaona maso awo akuchiona. Anaweramuka, napukuta manja pa chitenje. "Aka? Mwana aliyense amene anagwerapo pa mpini wa khasu ali nako. Ndipo taonani, akuchita kutisekerera pa maliro."

Olipa anasiya mlomo uja. Anabwerera ndi maondo omwewo, koma mphamvu zinamuthera pakati pa bwalo, ndipo anangokhala pansi pomwepo, maso ali gwa, osaona munthu. Ndinayamba kuganiza za kachipinda kanga ka pa msika, mmene tidzagonere atatu ndi khanda lopanda bambo, khanda limene bambo ake analilengeza msewu wonse.

Mayi wachikulire uja, amene analandidwa lumo, anati, "Munthuyu sanadye chiikireni maliro, ndipo ali ndi pakati. Mupatseni kanthu." Pamoto panali ketulo ya tiyi wa anthu okumba manda. Ba Fridah, pofuna kuti anthu aone mtima wawo wachikhristu, anathira okha m'kapu yachitsulo, tiyi akuchita kubwadamuka, namuika Olipa m'manja. "Imwa, mlamu. Upeze mphamvu za ulendo."

Olipa analandira ndi nsonga ya chitenje. Sanayang'ane kapuyo. Dzanja lake linangopita lokha kumanja, monga linkachitira m'mawa uliwonse, n'kuima m'malere, likudikira.

Kumanjako kunalibe munthu.

Anakhala choncho, kapu ili m'mwamba, nthunzi ikukwera. Kenako anazindikira. Anatembenuka, nayang'ana malo opanda munthuwo, ndipo kulira kumene kunatuluka sikunali kwa pa maliro kuja kokhala ndi mawu ake. Kunali kwa mwana wotayika pa msika. Koma dzanja sanalibweze.

Sindikudziwa kuti ba Philemon anatembenuka nthawi yanji. Nditawayang'ana, maso awo anali pa kapu ija. Kenako masowo anakwera pang'onopang'ono mpaka pankhope ya Olipa. Aka kanali koyamba kumuyang'ana kumaso.

"Apongozi," anatero, ndipo sanauze ndodo kapena mpanda. "Mwana wanga ankalawiranji tiyi wanu?"

Olipa anati, "Mlomo uwu sumva, atate. Chidulireni madokotala, unafa. Ndikamwa chotentha ndimapsa osadziwa. Ndiye ba Bornwell ankayamba alawa."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse, atate."

"Ine ndinamukalipira," anatero mkuluyo. Sankauza aliyense. "Kuseri kwa nkhokwe iyo. Ndinamutcha kapolo. Bwanji sanandiuze?"

Ndinafuna kuyankha kuti chifukwa chitsa sachiuza nkhani, koma kamodzi m'moyo wanga ndinatseka pakamwa.

Ba Fridah anaona kuti mphepo yatembenuka. "Atate, musanyengedwe, izi ndi zochita kupangana ndi mkulu wakeyu. Mlomo kufa, munamvapo kuti? Mumulole amwe tione ngati sapsa."

"Khala chete, Fridah."

Ndikuganiza kuti mayiyu anali asanamvepo mawu amenewo chibadwire, chifukwa pakamwa panatsala yasa. Ba Philemon anatsamira ndodo, naimirira, nayenda mpaka pakati pa bwalo. Maondo awo analira pamene ankakhala pansi, pa dothi, kudzanja lamanja la mpongozi wawo. Wa magalasi anati, "Akulu, mwambo..." koma palibe anamuthandiza kumaliza.

Anatenga kapu ija m'dzanja la Olipa, naiika pakamwa. Anadzidzimuka, tiyi wina anatayikira pa malaya. "Fridah, ukanamusupula mlomo munthuyu," anatero. Kenako, osakweza mawu, "Makiyi aja abwerere kumene unawatenga. M'nyumba ya Bornwell mukhala mwana wa Bornwell."

Musaganize kuti anthu aja anachita manyazi. Omwe ankaseka ndi omwe anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kale, madokotala a masiku ano amalowera paliponse. Wa magalasi anati ali ndi msuweni amene anamuchotsa chotupa cha m'mimba kudzera m'khutu. Ba Fridah anaponya makiyi pa mphasa, ndipo madzulo ake ananyamukabe ndi wailesi ya malemu pamodzi ndi pampu ya njinga, akuti n'zokumbukira mlongo wawo. Apope nayo mapemphero.

Ine sindinawakhululukire ba Philemon tsiku limenelo, ndipo sindikudziwa ngati ndinawakhululukira konse. Munthu wamkulu amene amafuna kapu ya tiyi kuti aone zimene mkazi wogwada akumuwonetsa ndi zala ziwiri, ine ndimutcha chiyani? Koma ndinawaona atakhala padothi paja, anthu akubalalika, akuuzira tiyi uja. Ankauzira, kulawa, kuuziranso, misozi ikugwera m'kapu momwemo. Sankadziwa poyimira, poti anali asanachitepo. Pamene ankamubwezera Olipa, tiyiyo anali atazizira ngati madzi a mumtsuko.

Olipa analandira ndi manja awiri, namwa yense.